Dzina Lachinayi

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakhala pa desiki ino, m'chipinda cha pansi
pa yunivesite ina ya ku Milwaukee,
momwe zenera limangoonetsa nsapato za ophunzira
zikuponda chipale chofewa.
Ntchito yanga ndi kugula:
mapepala, mababu, magolovesi a m'labotale,
mipando, sopo, ngakhale mbewa zoyera za asayansi.
Dzanja langa linazolowera mayina atatu,
makampani akuluakulu a kutali,
moti linkasaina lokha ine ndikumwa khofi.

Kenako kalata inatsika kuchokera kwa akuluakulu:
tizigulanso kwa amalonda ang'onoang'ono,
kwa amayi, kwa anthu akuda, kwa obwera,
kwa amene anabwerako ku nkhondo ndi mwendo umodzi.
Anasindikiza kabuku konyezimira, aliyense mano pamtunda.
Ndinati, chikomekome cha mkuyu ichi,
n'kukapinda kanayi,
n'kuchirikizira mwendo wa tebulo langa logwedera.

Lachiwiri lina analowa mayi Odessa Threadgill,
chipewa chaubweya, magalasi omanga ndi ulusi,
fomu yathu ya masamba makumi anayi ili m'manja.
Sitolo yawo ili misewu iwiri kuchoka pa mpanda wathu.
Ndimadutsapo pa basi m'mawa uliwonse.
Ndinali ndisanaionepo.

"Tsamba ili likufuna inshulansi
yoposa mtengo wa nyumba yanga," anatero.
"Linali likuti mudzandilipira pakatha miyezi itatu.
Antchito anga asanu amadya tsiku lililonse, bambo Kubiak."
Anayang'ana pansi kanthawi.
"Simenti iyi bambo anga anaikolopa zaka makumi atatu.
Sopo wake ankachokera ku Texas."

Malovu anandiuma.

Sabata yotsatira ndinatenga oda yaikulu
n'kuibenthula.
Magolovesi, makatoni mazana awiri: a Threadgill.
Mashelefu a ku laibulale: Ignacio Barragán,
kalipentala wopanda chala chamkombaphala
amene amayeza kawiri, n'kuyezanso.
Kabichi ndi anyezi wa kukhitchini: banja la a Vue,
olima kuseri kwa bwalo la ndege.
Ndinakwera masitepe katatu
kukapempha kuti malipiro azituluka pa masabata awiri.
Kachitatu anavomera,
mwina pongofuna kuti ndiwachoke.

Mu Januwale katundu wa a Threadgill anachedwa masiku awiri.
Vani inakana kulira ndi kuzizira.
Katoni imodzi inali ya saizi yolakwika.
"Mwaona?" anatero abwana, akugogoda cholembera pa tebulo.
"Mwaonatu?"

Usiku umenewo sindinapite kunyumba msanga.
Ndinatsegula mafayilo akale
n'kuyamba kuwerenga ndi chala ngati mwana wa sukulu.
Imodzi mwa makampani atatu aja
inachedwa kakhumi ndi kamodzi chaka chatha chokha.
Palibe amene anati mwaona.
Ngakhale ine.

Katoni yolakwikayo anabwera kudzasintha okha,
wapansi, chipale chikufika m'mawondo,
mpweya ukufuka mkamwa ngati ketulo.
Sanapepese kawiri.
Anangoti, "Sainani apa,"
n'kundibwereka cholembera chawo
chifukwa changa chinali chitauma.

Pa lipoti la kumapeto kwa chaka
anthu onsewa ndi nambala imodzi yowonda:
madola anayi pa zana lililonse.
Akuluakulu anaiika m'kabuku katsopano, yaikulu, yofiira.
Ine sindiombera m'manja.
Mayina atatu aja akudyabe mnofu,
ndipo fomu ija yangochepa ndi masamba asanu ndi limodzi.

Koma dzanja langa tsopano limaima kaye
lisanasaine, ngati munthu wofika pa mphambano,
ndipo pa basi ndimakhala mbali ya kumanzere
kuti ndione ngati nyali ya m'sitolo yayaka.
Dzulo pa chitseko panali pepala
lolembedwa pamanja, lomatidwa mokhota,
mphepo ikulikoka pakona:

Tikufuna dalaivala wachiwiri.