Ulimba wa m'Galasi

Ndabwera ndi fomu, atsibweni a Meke,
yoti musaine musanayankhule.
Amatero kusukulu kwathu kuja:
mawu a munthu satola ngati masawu.

Mwaseka. Mwapukuta thukuta ndi chipewa.
Bangula wa mu Okutobala,
malata akuthetheka okha padenga,
mbuzi zaunjikana pansi pa ngolo
ndipo njanji yakale yagona m'tchire
ngati munthu woiwala kumene amapita.

Mukufunsa zimene ndimaphunzira.
Zakale, ndatero. Kusunga zakale.
Ndiye mpaka ndege, Felesiya?

Mpaka ndege.
Kuchipinda kwanga kuli chitsulo chofunditsa
chimene chimagogoda usiku ngati wangongole.
Dzuwa limaweruka ine ndisanaweruke.
Loweruka ndimatsuka mbale kulesitilanti,
Lolemba ndimavala magolovesi oyera
kuti ndikhudze khasu la dzimbiri
longa lija amayi anatayira kuseri kwa bafa.
Mnzanga wa ku Peru amalira akamasenda mbatata.
Ine ndinalira tsiku limodzi lokha,
pamene anatitsitsira kunsi kwa nyumba yosungiramo zakale
nditauona: ulimba, m'galasi,
zikho zake zili lende, zopanda fumbi,
kapepala pambali: Chigwa cha Shire. Wosema sadziwika.

Ndinaulembera masamba makumi awiri.
Anandipatsa malikisi apamwamba
ndipo mphunzitsi anati ndili ndi diso.

Nachi chithunzi chake pafoni.
Mwachitalikitsa, mwachiyandikitsa,
mwachikuza ndi zala ziwiri zong'aluka
monga anakuphunzitsirani adzukulu.
Kenaka phee.
Njinga ya kabaza yadutsa ndi matumba a makala,
ina ndi mlamba wowamba.

Ausokoneza, mwatero.
Thabwa ili ndi la apa, ili ndi la uko.
Chikho chachikulu achimangira mwana.
Ukauomba chonchi
ngakhale woledzera sangadzuke kuvina.
Ndipo nembanemba ya kangaude ili kuti?
Ulimba wopanda kangaude ndi nkhuni chabe.

Zaka zana uli chigonere molakwika,
ine n'kuulembera masamba makumi awiri.

Wanu unapita ndi madzi, ndikudziwa,
usiku uja Ruo anakankha Shire
Shire n'kulowa m'nyumba osaodira.
Munapulumutsa ana, wailesi ndi thabwa limodzi.
Ndi ili mwalitulutsa kudenga,
mlombwa wakuda ndi manja,
mwaligwira pakati pa chala ndi chala
n'kuligogoda ndi chikhadabo.

Liwu limodzi.
Lakwera, lazungulira mtengo wa nimu, latha.

Makina anga ojambulira mawu
ali m'chikwama, osayatsa.
Fomu yanyowa m'dzanja langa.

Ukabwerera, mwatero, ukawauze amasule.
Ayambire kumanzere, chachikulu kwa chachikulu.
Akakana, usalimbane nawo,
ndi eni galasi.
Koma pakapepalapo afufute.
Wosema amadziwika.
Onani m'mene anapalira kunsi kwa thabwa:
anali wamanzere, wosapupuluma,
ndipo sompho yake inali yobenthuka pakona.
Dzina lokha ndilo latisowa.

Mwasaina ndi chala, inki ya bolopeni
yopakidwa pachala chachikulu.
Tikiti yanga ndi ya Lachinayi.
Kumeneko masamba ayamba kuyoyoka,
ndikapeza chitsulo chija chikugogoda,
ndipo sindikudziwa ndikayambira pati
kuuza munthu amene anati ndili ndi diso
kuti chimafunika ndi khutu.