Jombo Zokwerera Domwe

Nsapato zachitatu chaka chino
zinayasamula pa Domwe, lilime panja,
chidendene n'kutsalira pa thanthwe
ngati khoko la nthochi.
Ndinatsika ndi bokosi la katemera kumsana,
phazi limodzi nditalikulunga ndi luzi,
ana a kuseri kwa phiri akundiwerenga zala.

Loweruka ndinakwera shapa ya ku Ulongwe.
Pa kaunjika, Dona Jenoveva anamasula belo:
zotulukamo zonse za amuna,
zoti mwana wa mbuzi angagonemo.
"Mungoikamo nsanza, mana, zikukwanani."
Nsanza ndinaikapo kale ine.
Zinandibalira matuza asanu ndi limodzi
ndi chikhadabo chakuda chimene chinagwa pa Pasaka.

Zina zinali zokongola, zopepuka, zachikasu.
Ndinapinda imodzi ndi dzanja,
mphuno yake n'kupsompsona chidendene.
Ndinaibweza pa mulu.
Nsapato yogonjera dzanja
ikanena chiyani kwa mwala?

Kuseri kwa msika, pansi pa bulugamu,
amakhala a Belariminu osoka nsapato,
amene anasiya zala ziwiri ku mgodi wa ku Mowatizi.
Nkhope yanga sanaiyang'ane n'komwe.
Anati pondani apa, pa katoni,
n'kuzunguliza phazi ndi khala.
"Lamanzereli ndi lalikulu.
Guliranitu limeneli, linzakelo lidzatsatira.
Ndipo musagule m'mawa. Phazi la m'mawa ndi labodza.
Mubwere dzuwa litapendeka,
phazi litatupa, litayamba kunena zoona."

Ndinazungulira msika kawiri kuti litupe,
kudya mapichesi atatu, kutsatsa poto wosamufuna.
Chakumadzulo anasolola pansi pa benchi
jombo zakuda, zolemera ngati ngongole,
chikopa chouma gwa,
kunsi kwake mano akuya oti n'kubisamo nyemba.
Mwini wake, akuti, anali mnyamata woyeza malo,
wa phazi laling'ono ngati langali.
Anazisiya kuti zisokedwe, napita ku Beira,
mvula yagwa kawiri osabwera.

Ndinazipotokola. Zinakana.
Ndinamanga zingwe mpaka mu akakolo.
"Menyani khomalo." Ndinamenya, zala sizinamve.
"Tsikirani ku ngalande uko." Ndinatsika,
chidendene chili phee
ngati khanda logona kumbuyo.
Mtengo wake unali theka la malipiro anga.
Tinakokana mpaka ogulitsa tomato atasonkha mabeseni.
Ndinasiya mametikali onse a m'mpango
ndi lonjezo la thumba la kachewere.

Musaganize kuti tinakondana tsiku lomwelo.
Sabata ziwiri zinandiluma pa mfundo,
ine ndikuzinyengerera usiku ndi mafuta a ng'ombe,
kuzivala ngakhale popita ku mjigo,
anzanga akuseka kuti ndalowa usilikali.
M'katimo munali mudakali phazi la munthu wina,
kadzenje ka chala chake chachikulu
pamene changa sichifika.
Tinkapatsana malo pang'onopang'ono,
iye akusamuka, ine ndikulowetsa katundu.

Lero nkhungu yameza Domwe,
thanthwe lanyowa ngati mphuno ya ng'ombe.
Paja ndinagwa chaka chatha,
mabotolo asanu ndi anayi n'kusweka,
mudzi wonse n'kudikira mwezi wina,
ndaponda,
ndamva mano akugwira,
ndadutsa dzanja osakhudza pansi.
Ndafika madzi oundana m'bokosi asanasungunuke.

Pamzere, mayi wina wayang'ana mapazi anga nthawi yaitali.
Wafunsa ngati zolemera chonchi sizinditopetsa.
Zimanditopetsa, ndatero,
ndikukoka mankhwala m'jakisoni.
Tembenuzani mwanayo, ntchafu ione kuno.