Minibasi ya ku Chilenje

Tatuluka m'holo wezulo akulirabe m'makutu.
Atidya ndi pointi imodzi
anyamata a koleji ya zamapaipi,
ife tili pakwathu.

Mlandu wayamba tisanakhale pansi.
"Akadapatsira!" akutero a Sakala,
amene sanagwirepo mpira chikwatirire.
"Gelesomu anali yekha pansi pa mkombero,
manja m'mwamba ngati wopempha mvula."

Zelipa akukana, kope lili pamwendo:
mapointi makumi awiri ndi atatu, onse a Yotamu,
walemba yekha ndi bolopeni yofiira.
"Nanga enawo anabwera kudzaonerera?"

Ine mpira uja ndikuuonabe.
Unazungulira mkombero kawiri,
kusuzumira mkati ngati mlendo wamanyazi,
n'kubwerera.

Pofika pa Kabwata nkhani yalowa ndi dalaivala yemwe.
Wina akuti kochi ndi wogona,
wina akuti lefali anamuona ku Kamwala
akumwa ndi adani.
A Sakala akuti mwanayo ngwodzikonda,
kutalika kwachabe ngati mlongoti wamagetsi.

Kondakitala watambasula dzanja kumpando wakumbuyo,
ndiye tatembenuka.
Yotamu.
Mawondo afika pachibwano,
nsapato zili m'pulasitiki,
akupapasa m'matumba, ndalama yaperewera.

Zii.
Injini yokha.

A Sakala atsokomola, alipira ya anthu awiri.
Ulendo wonse maso ali pawindo
ngati Lusaka amuona lero.
Potsika, mwendo umodzi uli kale panja:
"Loweruka uponyenso, mwanawe.
Koma ukamuona Gelesomu ali yekha..."

Chitseko gwa!
Zelipa watsegulanso kope.