Laimu wa ku Kachulu

Ntchito yanga ndi kupaka laimu makoma a eni.
Ndowa kumanzere, burashi wa khonje kumanja.
Nyumba za ku Kachulu ndimazidziwira kumsana,
kumene mlendo safikako.

Khoma lililonse kuno lili ndi mzere wake.
Apa ndi pamene Chilwa adalekeza
chaka chimene adalowa osaodira,
nakhala pabalaza masabata asanu ndi limodzi
mpaka milamba kuzolowera kunsi kwa bedi la Che Likaka.
Ndapakapo kanayi.
Mvula ikangodontha mzerewo umatulukanso,
wachikasu ngati dzino la wosuta chingambwe.

Yakale kuposa zonse ndi ya Abiti Saizi,
ya khonde lotakata ndi nsanamira zisanu.
Yachisanu ndi chimodzi chidadya chiswe,
ndipo m'malo mwake mudaima nsungwi
imene malemu amuna awo ankakankhira bwato.
Akuti kale idali sitolo.
Ukakanda ndi chikhadabo pamwamba pa chitseko
pamatuluka zilembo zobiriwira,
theka la dzina, ndi mtengo wa mchere
umene lero sungagule ngakhale fungo la themba.
Iwo amandigwira mkono: "Osakanda. Msiyeni agone."

Kuseri kwake kuli ya a Nampinga,
zenera limodzi la galasi, lina la katoni,
denga lopanikizidwa ndi miyala ndi tayala la njinga
chifukwa mphepo yochokera ku Chisi ilibe ulemu.
Pakhomo adabzala maluwa m'zitini za penti wanga,
ndipo amawathirira madzi a pamjigo,
akuti a m'nyanja ndi amchere, angawapsetse.

Masana malata onse amanunkha matemba.
Usiku amalira okha, tha! tha!
dzimbiri likuwongola msana.

Uko pakati pa njedza kuli zimbowera,
nyumba zosadziwa maziko.
Mlamu wanga Ndembo amagona kumeneko,
moto wake uli pa dothi, dothi pa udzu, udzu pa madzi.
Amandiseka: "Ubwere udzapake kwathu,
koma ufulumire, mawa tisamuka ndi mphepo."

Chaka chimene nyanja idathawa
mabwato adagona chafufumimba pa matope ong'aluka
ngati ng'ombe zokana kudzuka.
Anthu ankapita ku chilumba wapansi, fumbi m'mawondo.
Maloko adachuluka pa zitseko.
Ena adalowera ku Matawale, ena ku Chinamwali kukaphwanya miyala,
ndowa yanga idasanduka chisa cha nkhuku.
Tsiku lina Abiti Saizi adandiitana.
Ndalama adalibe, adandipatsa tambala wa lipombo lopendama.
"Paka," adatero, "payere mbee.
Madziwo akamadzabwera usiku
asadzasokere khomo."
Ndidapaka. Ndidapakanso mawa lake osauzidwa.

Sabata yatha kudabwera wina wa galimoto yoyera
kuchokera kumtunda uko, kunsi kwa phiri,
kumene nyumba zakale zili ndi machumuni.
Adayeza khonde ndi mapazi, adagogoda njerwa,
nafunsa ngati mzerewu ungafafanizike.
Ndidati ungabisike mpaka Disembala.
Adandiyang'ana ngati ndamunamiza chenji.
Fumbi la galimoto yake lidatera pa khoma losauma,
ndipo ndalisiya momwemo.

Yanga ili kumapeto, pafupi ndi poimikira njinga.
Njerwa zake zili pamtunda, sizidalaweko laimu.
Mkazi wanga adatopa n'kufunsa.
Komatu m'mawa, dzuwa likamatuluka m'madzi,
limayamba lamenya makoma amene ndidapaka,
la Che Likaka, la a Nampinga, la Abiti Saizi,
kenako kuwalako kumadumpha msewu
n'kulowa pazenera panga
kudzagwera pa mphasa pamene mwana wagona.
Ndimadzuka ndi kuwala kobwereka,
n'kunyamula ndowa.