Chovala Nambala 41

Lachiwiri, m'chipinda chapansi cha nyumba yosungiramo zakale.
Kunja mtsinje wa Neva wauma gwa ndi chisanu.
Ndavala magolovesi oyera ngati wosambitsa mtembo,
ndikuchotsa mapepala, limodzi limodzi,
mpweya ndaugwira.

Ndi ili. Diresi laubweya, lotuwa ngati mkaka wogona,
m'mphepete mwake mizere yofiira ndi yachikasu,
timitanda, akavalo oyang'anizana,
mbalame zotambasula mapiko ngati zikukana mlandu.
Ukaima patali umati n'zopeta.
Sendera: ndi penti.
Nthawi ya singano panalibe,
sitima ya ku Paris sinkadikira munthu.

Amene anajambula papepala, dzina lake lili pakhoma
m'zilembo zamkuwa, amazipukuta Lolemba lililonse.
Amene anagwira burashi ndinam'peza m'kaundula wa malipiro:
Pelageya Sukhova, makopeki makumi atatu pa diresi,
anam'dula asanu chifukwa chodontheza.
Dontho lakelo ndi ili, pachiuno chakumanzere,
lofiira ngati lagwa dzulo.

Kwawo kunali kumpoto, m'mbali mwa Pinega,
kumene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera
ndipo atsikana ankapeta matawulo a ukwati wawo
maso mpaka kuchita chidima.
Bwana wojambula anafikako ndi kabuku m'thumba,
anakopera akavalo, anakopera mbalame,
n'kubwera nazo mumzinda ngati wazitola panjira.
Koma taonani mbalame yachisanu ndi chiwiriyi.
Papepala la bwana ili ndi nthenga zitatu kumchira.
Pano zilipo zisanu.
Ine ndimati Pelageya anam'konza bwana osamuuza,
ndimati ndi mmene amayi ake ankapetera.
Umboni ndilibe. Ndili ndi nthenga ziwiri basi.

M'kati mwa kolala muli maina atatu a inki.
Rufina, wodulidwa ndi mzere.
Jadwiga, wodulidwa kawiri, cholembera chinaboola nsalu.
Wachitatu Winifred, mwana wa wogulitsa nsomba ku Hull,
amene anam'veka dzina la Chirasha kuti matikiti ayende.
Diresi limodzi, misana itatu;
analipinda, analimasula, analipindanso.

M'khwapa thukuta linadya ubweya,
mchere unasiya mapu a dziko lopanda dzina.
Sankauluka awa.
Ankaponda, zala za kumapazi zoloza m'kati,
di! di! di! ngati akudzutsa nthaka
imene yagona miyezi isanu ndi umodzi.
Amayi a mikanda yodula anaimba mluzu,
bambo wina anathyola ndodo pampando,
ndipo kuseri kwa katani
ubweya wonyowa unkanunkha nkhosa yovumbwidwa.

Pelageya sanaone zonsezi.
Tikiti ya kumbuyo kwenikweni inali madiresi khumi,
ndipo Paris si pakhomo.
M'kaundula amasowa m'chaka cha nkhondo,
tsamba lotsatira muli mtengo wa mabatani.

Mawa tilikweza pamwamba,
tiliveke chidole chopanda mutu,
nyale tichepetse, poti kuwala nako kumaluma.
Pakapepala ka pagalasi andipatsa mawu makumi anayi.
Ndinalowetsamo dzina lake. Bambo Arkhipov analichotsa:
malo achepa, Zinaida Frolovna, anthu sawerenga.
Ndalibwezeramo, ndachotsa liwu loti "chokongola".
Tiona ngati azindikire.

Chotsala ndi apa, kutsogolo kwa siketi,
pamene penti inang'aluka timing'alu tating'ono
molunjika bondo lamanja,
pomwe linkamenya nsalu usiku ndi usiku.
Lamulo la ntchito yanga likuti ndisadzazepo kanthu,
ndingoletsa kuti pasapitirire.
Ndaviika burashi ya tsitsi zitatu m'guluu,
ndikugoneka kachidutswa kofiira pamalo pake,
ndipo dzanja likunjenjemera pang'ono.
Ndikadontheza, ine sandidula kanthu.