Katoni ya Joakina

Inatsika minibasi pa Bangula
itamangidwa ndi mphira wa chubu,
yolemera ngati mbuzi ya bere.
Pamwamba analemba: Bambo, mundisungire,
ku hositelo kulibe malo.

Ndinaipachika pamtanda wa denga
pomwe madzi a chaka chija sanafike.
Koma Okutobala wakuno salola munthu kugona.
Usiku wachitatu ndinaitsitsa.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2.
Chiyambire ndimangowerenga sikelo ya thonje.
Chingerezi cha m'mabukumu n'cha minga ngati makakana:
ndimadya pang'onopang'ono, ndikulavula.

La mbiri yakale linati chigwa chino chinali njira,
ya minyanga, ya akapolo, ya sitima za pamadzi.
Njira!
Ine ndinkayesa ndi kwathu.

La zachuma linatindandalika m'mizere,
mabanja mazana anayi, ndalama zolowa, ndalama zotuluka.
Ndinatsata ndi chala mpaka pansi.
Panalibe danga la nyika
zimene amake Joakina anazula m'dambo chaka cha njala,
madzi ali m'khosi, maso ali pa ng'ona.

La filosofi linatha masamba makumi atatu
likufunsa kuti malire n'chiyani.
Likanabwera kudzafunsa Ruo,
amene anasamutsa munda wanga usiku umodzi
n'kukaupatsa anthu a tsidya.

Sindinama, lina linandigwira pakamwa.
Linati Chisena cha mayi anga ndi Chimang'anja cha bambo
ndi ana a mimba imodzi amene anasiyana pa doko.
Ndinakhala duu, nyali ikutha mafuta,
ndikutchula mawu awiriawiri
ngati woyesa nsapato za malemu.

Lomaliza linali laling'ono, lofiirira, lonunkha mphemvu,
la miyambo ya anthu a m'chigwa.
Pansi pa tsamba, m'tizilembo tonga nyerere:
izi anatiuza mkulu wina wopalasa bwato pa Chiromo,
wopanda chala chamkombaphala.

Chalacho ndikuchidziwa.
Chinatsalira m'chingwe cha pantoni.
Dzanja limenelo linandikoka khutu,
linandiphunzitsa kumva kuya kwa madzi ndi mponda.
Masamba asanu ndi awiri ndi mawu ake,
mpaka kakhosomole kake ndinakamva,
koma dzina la pachikuto ndi la munthu wina.

M'mbali mwa tsambalo Joakina anali atadutsamo kale
ndi pensulo yofooka: Ameneyu anali ndani?

Ndinatenga bolopeni ya kusikelo
ndi kudinda mpaka inaboola:
Zuze Alufandika, mwana wa Nyakamera.

Loweruka anaimba foni.
Ndinamuuza. Anakhala chete nthawi yaitali,
mayunitsi akutha.
Kenaka: Bambo, bukulo si langa,
ndi la ku laibulale ya ku koleji.

Ndinati, libweze choncho, mwanangu.
Nawonso awerengeko.