Sikelo Ziwiri

Amayi anathyola tiyi zaka makumi awiri ndi zinayi
m'mapiri a kuno ku Thyolo, dengu kumsana,
zala zitang'ambika ming'alu yakuda.
Sikelo ya kapitawo inkadziwa makilo okha.
Zotsalira pansi pa dengu ankazikutumulira panjira.

Yanga sikelo imakhala m'kabokosi kagalasi.
Ndikapumira pafupi, manambala amanjenjemera.

Lachinayi, chiperoni chili pawindo.
Ndatenga masamba okhwima, aja fakitale imakana,
ndawatsuka katatu, ndawayanika pamthunzi,
ndawasinja, ndawawiritsa m'madzi otcheza,
ndasefa papepala.
Kufika apa palibe chimene amayi sakanachita,
mwinanso msanga kuposa ine.

Tsopano mchere wa siliva, wosungunuka,
woyera mbee ngati madzi a pakasupe.
Dontho la tiyi. Dontho lina.
Ndiwerenga mpaka makumi atatu.
Kachitsulo kotakasa kakuzungulira kokha pansi pa botolo
ndipo palibe chikuchitika.

A Muhiwa, osunga makiyi a labu,
aima pakhomo poti chinangwa chawo sichiloledwa mkati.
Akuti kumene anaphunzira iwo, ntchito iyi
inkafuna mankhwala a m'chitini chojambulidwa chigaza,
chophimba kumphuno, mtima m'mwamba,
ndipo madzi otsala ankasowa kowataya.
Akutero akutafuna.

Ndiye madzi aja ayamba kusintha maganizo.
Chikasu cha udzu wa mu Ogasiti,
kenaka uchi,
kenaka Nswadzi mvula itagwa kumtunda.
Tsamba lagwira siliva, lamuumba timibulu,
latikuta kuti tisamatirirane,
timibulu toti chikwi titandanda pamzere
sitingapingase tsitsi limodzi.
Popanda utsi, popanda fungo lotsamwitsa.
M'chipinda mukununkhira kukhitchini.

Ndisaname, sizinayere zonse.
Siliva amabwera pandege, amalipiridwa m'madola.
Zotsala sindithira m'sinki, ndimasunga m'chigubu cholemba.
Timibulu ta mu Januwale ndi ta mu Julaye sitifanana,
tina tikulu, tina ting'ono,
ngati mbatata za mzere umodzi.
Pa mbale zitatu zofesa majeremusi
ziwiri zinaonetsa kabwalo koyera pamene ndinadontheza,
yachitatu majeremusi anangomera mpaka m'mphepete
ngati sanamve kuti kwabwera mlendo.

Madzulo ndawaimbira foni.
Ali ku Thekerani, netiweki ikudukaduka.
Akuti, tiyi wakoyo umamwa?
Ayi amayi.
Nanga timibuluto ndingatione ndikabwera?
Ndati ngakhale ine sindinationepo ndi maso,
timatumiza kabotolo kutali kumene kuli makina ake,
chithunzi chimabwera patapita miyezi iwiri.
Aseka mpaka kutsokomola.
Akuti, Elube, sukulu yonseyi
wakathera pokhulupirira zosaoneka ngati ife a mvano?

Ndaseka nawo. Kenaka zii.
Ndimayesa foni yaduka.

Akuti, masambawo anakuthyolera nthawi yanji?
La m'mawa lonyowa mame ndi la masana si limodzi,
kuwawa kwake kumasiyana, ukalitafuna umva.
La kunsi kwa mtengo wa mthunzi ndi lina.
La kumtunda kumiyala ndi linanso.
Unafunsa?

Sindinafunse.
Miyezi isanu ndi inayi ndikuimba mlandu botolo,
moto, madzi, ngakhale dzanja langa lomwe.

Ndabwerera kulabu a Muhiwa asanatseke.
Botolo lili pomwepo, lofiirira, lodekha,
losunga m'mimba mwake zimene sindingaone.
Ndatsegula kope, ndatenga rula,
ndajambula mizere iwiri kumapeto kwa tsamba.
Pamwamba pa woyamba ndalemba: nthawi yothyola.
Pamwamba pa wachiwiri: malo.

Loweruka ndikwera kabaza wa ku Thekerani
ndi timatumba khumi ndi tiwiri ta pepala.
Akuti ndisachedwe, mame sadikira a digiri.